Tsiku Limene Bambo Anaponda Moto

Bambo anga anayendetsa galimoto zaka zoposa makumi atatu, koma ndinene poyera kuti wakabaza ankawapitirira. Sindikukokomeza ayi. Ndinaziona ndi maso angawa ndili mtsikana, nditakhala pamwamba pa mabelo a fodya kumbuyo kwa pikapu yawo. Wakabaza atanyamula mayi wina wonenepa bwino anatidutsa uku akutipatsa moni. Ine manyazi anandigwira moti ndinabisa nkhope m'chitenje. Bambo anangotulutsa mutu pawindo n'kumufunsa ngati ana adzuka bwino kunyumba.

Pikapuyo inali yoyera pamene inkagulidwa, koma ine ndinaidziwa ili yofiirira ngati dothi la kwathu. Chitseko cha kumanzere tinkachimanga ndi chingwe cha mphira. Ikamayenda inkalira paliponse, moti munthu ali kumunda ankadziwa kuti ndi bambo asanawaone. Kwathu ndi cha ku Kaluluma, kumpoto kwa Kasungu, dziko lathyathyathya lopanda phiri loti n'kunamizira kuti ndilo likuchedwetsa galimoto. Bambo ankachedwa dala.

Chifukwa chawo chachikulu chinali fumbi. Fodya wathu amaumira m'zigafa, zisakasa zaudzu zopanda makoma zija, ndipo zambiri zili m'mphepete mwenimweni mwa msewu. Fumbi likalowa m'masamba, ku okushoni fodyayo amamunyoza, mwinanso kumubweza. Ndiye bambo akamayandikira chigafa cha munthu ankatsitsa liwiro mpaka kufanana ndi woyenda pansi. Tsono zigafa zake kuchuluka! Ukangodutsa ichi, china chayamba. Pamwamba pa apo panali moni. Sankadutsa munthu osamulonjera, ndipo moni wa bambo sunali wa dzanja lokha, unkafika mpaka kwa apongozi ndi ng'ombe zomwe.

"Galimoto yothamanga ndi ya munthu wopanda abale," ankatero ndikayamba kung'ung'udza. "Kuthamanga sikufika, mwana wanga."

"Nanga kuchedwa ndiye kufika?" ndinkawayankha, pakuti ine pakamwa panga sipanakhalepo ndi chitseko. Iwo ankangoseka. Mkangano umenewu tinakula nawo, ine ndi iwo, ndipo tonse tinkaukonda.

Nditayamba ntchito ku Lilongwe ndinadzilonjeza chinthu chimodzi, ndipo patapita zaka ndinachichita. Ndinagula galimoto yakuda, ya injini yaikulu, yosintha yokha magiya. Inali yakale pang'ono, koma mphamvu zake, mayo! Ukangoigunda ndi chala chaphazi, msana unkamatirira kumpando. Pali anthu amene amati galimoto ndi galimoto basi, bola ukafike. Amenewo sanapondepo moto pamsewu wa phula kuchoka ku Mponela m'mawa kulibe malole, mawindo ali otsegula, mphepo ikukumenya m'makutu. Ndinkaimba ndekha ngati wopenga. Sindipepesa, ndinkaikonda galimoto imeneyo ndipo mpaka pano ndimaikonda.

Ulendo woyamba kupita nayo kumudzi unali wa mu Meyi, fodya ali m'zigafa. Ndinkafuna kuti bambo aione, achite nayo nsanje, avomere kuti zaka zonsezi ndinkanena zoona. Nditasiya phula ndinaiwala zonse zimene ndinakulira nazo. Ndinalowa m'mudzi ngati kamvuluvulu, hutala ikulira, nkhuku zikubalalika. Nditaima pabwalo n'kutsika, ndinatembenuka kuti ndione amene andichingamire. Fumbi lofiira linali litaima kumbuyo kwanga, likutsikira pang'onopang'ono m'chigafa cha pafupi ndi nyumba.

M'chigafamo munali mayi wina akusankha fodya. Iye ndi mwamuna wake anali matenanti a bambo, anachokera ku Phalombe zaka zingapo m'mbuyomo, ndipo fodya amene ndinamuthira fumbiyo anali thukuta lawo la chaka chonse. Bambo anatuluka m'nyumba, anandigwira dzanja ndi manja awiri, n'kunena mofatsa:

"Wafika bwino, tathokoza. Usanakhale pansi, kapepese."

Ndinapita, nsapato zanga za mutauni zikutitimira m'dothi. Masana onsewo ndinakhala ndi mayi a ku Phalombe aja tikukutumula fodya ndindi imodziimodzi, timitolo ta masamba tija, mosamala kuti masamba asathetheke. Sanandikalipire. Anangondiyang'ana cham'mbali n'kunena kuti, "Ife tinayesa ndege yatera, achemwali." Tinaseka mpaka misozi, ndipo ubwenzi wathu unayambira pomwepo.

Galimoto yanga bambo anakana kukwera. Anaizungulira kamodzi, manja ali kumbuyo, n'kuipatsa dzina loti chimphepo. Ndinaona kuti poizungulira anagunda bondo pakona ya kutsogolo, koma ndinangoti ndi ukalamba.

Mawa lake amayi anandiitanira kuseri kwa nkhokwe kuti tikatongole mtedza. Amayi akakuitanira ntchito yoti angathe okha, dziwa kuti pali nkhani. Anandiuza kuti maso a bambo akutha. Anali atapita nawo kwa adokotala a maso, ndipo adokotalawo anati si ng'ala yoti n'kuchotsa, ndi mitsempha ya m'maso imene ikufa kuyambira m'mbali. Bambo ankaona kutsogolo kokha, ngati munthu wosuzumira m'paipi. Mankhwala odontheza anawapatsa kuti matendawo asathamange, koma zimene zinapita sizidzabwerera. Adokotala ananenetsa kuti asiye kuyendetsa galimoto.

"Ndiye asiya?" ndinafunsa.

"Dzulo dzana anapita kuchigayo," anatero amayi. "Ine ndalankhula mpaka malovu auma. Tsiku lina adzapha munthu, mwana wanga, ndipo bambo ako akapha munthu nawonso sakhala moyo. Uwalande galimotoyo iweyo, mwina akumvera poti mumagwirizana pokangana."

Tsiku lomwelo masana bambo anati akupita kusitolo kukagula ziguduli zomangira mabelo. Ndinati ndiwaperekeza. Ndinamanga chingwe cha chitseko chija n'kukhala phee, maso ali pa iwo. Anayendetsa bwinobwino ndithu, msewu anali kuudziwa ngati khonde la nyumba yawo. Koma khutu langa linagwira chinthu chachilendo. Kale bambo ndiwo ankayamba kulonjera. Tsopano anthu ankawayamba, tikadali kutali, ndipo mokuwa ngati akuitana munthu wa kutsidya.

"Mwaswera bwanji, abambo! Tili pamjigo pano, ndowa zathu zili mumsewu, tikuchotsa!"

Bambo anapatukira kumanja pang'ono, n'kuyankha moni.

"Wawa, abambo! Ndili ndi ngolo kuno kumanzere kwanu, ndaima!"

Bambo anatsitsa liwiro, n'kufunsa za ng'ombe.

Mudzi wonse unkadziwa. Akangomva kulira kwa pikapu, ankakusa mbuzi, kunyamula ana, n'kuyamba kukuwa moni wonena pamene aima. Palibe anawauza bambo kuti sakuona. Ankangowapatsa moni, bambo n'kumayenda ndi makutu.

Pobwerera tinakumana ndi munthu amene sankadziwa mwambo umenewu. Anali mayi wogulitsa tomato wochokera kwina, akukankha njinga ili ndi dengu m'mphepete mwa msewu, kumbali yanga. Anangokhala chete monga achitira mlendo aliyense. Ndinadikira kuti bambo apatuke. Sanapatuke. Ndinakuwa n'kukankha chiwongolero, koma galasi la m'mbali linakola dengu, njinga n'kugwa, tomato mbwee mumsewu. Mayiyo anadumphira m'udzu osavulala, Mulungu ndi wabwino. Bambo anatsika, anagwada n'kuyamba kutola tomato, akupepesa mobwerezabwereza. Ndinaona manja awo akupapasa pansi kufuna tomato amene anali pafupi ndi bondo lawo.

Titafika kunyumba ndinathamangira kwa mayi a ku Phalombe. "Anthu inu ndinu oipa! Mukuwasekerera mpaka aphe munthu?"

Anapitiriza kumanga ndindi yawo osandiyang'ana. "Achemwali, mwana wanga wachiwiri anabadwira m'pikapu imene ija, panjira yopita kuchipatala. M'mudzi muno mulibe nyumba imene sinakwerepo, kaya ndi matenda, kaya ndi ukwati, kaya ndi maliro. Ndani angaime pamaso pawo n'kunena kuti tsikani? Ife tinangoona kuti chimene tingathe ndi kukuwa."

Ine ndinaganiza kuti ndine wochenjera kuposa mudzi wonse. Ndinatenga makiyi a pikapu pamsomali n'kuwabisa mumphika wa nyemba zouma. M'mawa ndikusamba ndinangomva pikapu ikulira pabwalo. Ha! Ndinatuluka sopo ali m'makutu. Kani makiyiwo anali atasiya kugwira ntchito kalekale, bambo ankangowanyamula mwaulemu. Galimotoyo ankailiza pogundanitsa mawaya awiri pansi pa chiwongolero.

Ndinaima kutsogolo kwa pikapu, chitenje chili m'khwapa, n'kulankhula mawu amene ndimachita nawo manyazi mpaka lero. Ndinawauza kuti ndi akhungu. Ndinawauza kuti mudzi wonse ukudziwa ndipo ukuwalera ngati mwana. Ndinanena mokweza, matenanti akumva, amayi atagwira pakamwa.

Bambo anazimitsa injini. Anatsika pang'onopang'ono, n'kuima pafupi nane kuti andione bwino.

"Ukuyesa sindidziwa chifukwa chimene amakuwira?" anatero motsitsa. "Ndikudziwa. Koma ndikatsika m'menemu ndikhala ndani? Thumba la pakhonde, lomasunthidwa dzuwa likafika?"

Tsiku limenelo sanadye. Anakhala pansi pa mtengo wa mango, wailesi ili pamwendo koma osaitsegula. Ine ndinalira kuchipinda. Ndinali nditanena zoona, koma ndinazinena ngati ndikuthamangitsa galu, kwa munthu amene sanandikwezerepo mawu chibadwire. Amayi anangoti, "Ndinati uwalande, sindinati uwavule."

Panapita masiku awiri tikungopatsana moni wouma. Pikapu sinayende, koma ndinkadziwa kuti ikudikira kuti ine ndibwerere ku Lilongwe. Tsiku lachitatu m'mamawa ndinatuluka kukataya madzi, n'kupeza chitseko cha galimoto yanga chili chotsegula. Bambo anali atakhala pampando wa dalaivala. Sanandione, pakuti ndinali cham'mbali. Ankasisita chiwongolero, kupapasa mabatani, phazi lawo lamanzere likufunafuna kilatchi imene kulibe. Ndinatsokomola. Anadzidzimuka ngati mwana wopezeka ndi dzanja m'shuga.

"Ndimangoona ngati mipando yake ili yolimba," anatero.

"Ndi yolimba, bambo."

Kenaka anafunsa osandiyang'ana: "Kodi chimphepo chakochi chikafika pa handiredi, m'thupi mumamveka bwanji?"

Ndinatsala pang'ono kugwetsa beseni. Munthu amene anandilalikira za kufatsa moyo wanga wonse! Ndinafuna kuwaseka, koma nkhope yawo sinali ya nthabwala.

"Simunafikepo?"

"Ndi chiyani? Pikapu ija ikafika pa sikisite imayamba kupemphera. Komanso nthawi zonse kumbuyo kumakhala mabelo a anthu, kapena wodwala, kapena amayi ako."

Maganizo anandibwerera pomwepo, ndipo ndivomere kuti sanali maganizo a munthu wanzeru. Chakumadzulo kwa mudzi wathu kuli esiteti ina imene inasiya kulima fodya. Pakati pake pamadutsa msewu wautali wowongoka ngati chingwe, wa dothi lolimba, mbali zonse kuli mitengo ya bulugamu. Kulibe nyumba, kulibe chigafa, ndipo polowera ndi kuwiri kokha. Ndinawauza amayi. Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti misala ya m'banja mwathu inachokera kuchimuna, kenaka anapita kukavala nsapato.

Tinapita Lolemba dzuwa litakwera. Ndinayendetsa ndine mpaka kumeneko, bambo atakhala pambali panga kwa nthawi yoyamba, atavala jekete la kutchalitchi. Tinaudutsa msewuwo kawiri pang'onopang'ono kuona ngati muli maenje kapena ziweto. Mayi a ku Phalombe, amenenso tinawatenga, tinawasiya polowera kuti aimitse aliyense wobwera. Amayi tinawasiya kumapeto, atanyamula chitenje chofiira choti akupize pakakhala vuto. Kenaka ine ndi bambo tinasinthana mipando.

Ndinawamanga lamba, ndinawauza kuti phazi lamanzere aliiwale, lipume. "Inu muziyang'ana kutsogolo kokha. M'mbali muno maso ndi anga. Ndikati imani, muime."

"Lero ndiwe ukundiphunzitsa," anatero.

Anayamba monga mwa masiku onse, ngati tanyamula mazira. Ndinawasiya pang'ono, kenaka ndinati, "Bambo, kuno kulibe woti mumulonjere. Pondani."

Anaponda pang'ono. Galimoto inadumpha, iwo n'kuchotsa phazi msangamsanga. "Iii! Chili ndi ukali chinthuchi!"

"Pondaninso. Musachotse."

Anapondanso, ulendo uno osachotsa. Injini inabangula. Ndinayamba kuwawerengera mokweza, dzanja langa lili pafupi ndi chiwongolero, maso akuthamanga uku ndi uku. Fote. Sikisite. Mitengo inayamba kuthawira kumbuyo. Eyite. Ndinamva phokoso lachilendo pambali panga, ndinayesa akudwala. Ayi, ankaseka. Bambo anga, mkulu wa mpingo, munthu wosadziwa kufulumira ngakhale pothawa mvula, ankaseka pakamwa pali yasa, akukuwa, "Mayo ine! Mayo ine, mwana iwe!"

"Nayinte! Bambo, nayinte!"

"Iwerenge! Iwerenge!"

"Handiredi! Basi, chotsani phazi, yambani mabuleki!"

Anamvera. Anaimitsa bwino kwambiri, mosagwedeza, chapatali ndithu ndi pamene amayi anaima. Amayi anali atakhala pansi m'udzu, chitenje chofiira chija atadziphimba nacho kumaso.

Bambo anapuma mwamphamvu, akupukuta misozi ya chiseko ndi mkono wa jekete. "Mwana wanga, ndakunamiza zaka zambiri. N'kokoma! Aa, n'kokoma zedi! Bwanji sunandiuze?"

"Ndakhala ndikukuuzani chiyambire ndili mu sitandade faifi!"

Tinaseka tonse. Ndinali wokondwa moti ndinaiwala chimene tinabwerera. Ndinati, "Titembenuke, mubwerezenso."

Manja awo anali akadali pachiwongolero. Chiseko chinatha pang'onopang'ono, anakhala akuyang'ana kutsogolo. Kenaka anatembenuza mutu wonse kumanja, n'kuutembenuzanso kumanzere.

"Mitengo ija ikadalipo?" anafunsa.

"Ilipo, bambo. Mbali zonse ziwiri."

"Ndinkaimva ikudutsa, fuu, fuu, fuu. Ndinaona ikudzalidwa mitengo imeneyi, ndikudziwa kuti ndi yambiri. Koma kuchokera uko mpaka kuno sindinaonepo ndi umodzi womwe." Anatembenukira kwa ine. "Ndikamayenda pang'onopang'ono ndimadziuza kuti ndikuona, ndangochedwa kutembenuka. Lero ndiye ndalephera kudzinamiza."

Ndinangogwira mkono wawo.

Anamasula lamba okha, anatsegula chitseko n'kutsika. Ndinawaona akuzungulira kutsogolo kwa galimoto, dzanja limodzi likutsatira boneti, mpaka anafika kumbali yanga. Anagogoda pagalasi ndi chala. Nditatsegula anaona nkhope yanga.

"Ukulira chiyani tsono? Amene wafika pa handiredi ndine. Suntha, pampando pano ndi panga."

Ndinasuntha. Kuyambira tsiku limenelo bambo sanagwirenso chiwongolero cha galimoto iliyonse.